James Chuma, Mnyamata wa ku Magomero

Ana inu, munthu akamwalira kalekale, ndipo onse amene anamuona ndi maso akatha, tidziwa bwanji mbiri yace? Tilondola mapazi ace m'makalata ndi m'mabuku akale, monga mlenje alondola mapazi a nyama. James Chuma sanatisiyire buku lolemba iye mwini, koma mapazi ace aoneka m'mabuku a anthu amene anayenda naye.

Phazi loyamba tilipeza m'zolemba za Misyoni ya U.M.C.A. Chuma anali Myao, wobadwa ngati m'caka ca 1850. Akali mwana anagwidwa ukapolo, koma m'caka ca 1861 Dr. David Livingstone ndi Bishopu Mackenzie anamuombola, ndipo anakakhala pa Misyoni ku Magomero. Kumeneko anadziwana ndi Mzungu wina, dzina lace Horace Waller. Musaiwale dzina limeneli, pakuti tidzakomana nalonso. M'caka ca 1864 Chuma anaoloka nyanja yamcere ndi Livingstone m'ngalawa ya Lady Nyassa, nafika ku Bombay m'dziko la India. Analowa sukulu ya Dr. John Wilson, nabatizidwa m'caka ca 1865, nalandira dzina la James.

Phazi laciwiri liri m'mabuku amene Livingstone analembamo za tsiku ndi tsiku pa ulendo wace wotsiriza, umene unayamba m'caka ca 1866. Chuma anayenda naye zaka 7, pamodzi ndi mnzace Abdullah Susi, m'njala ndi m'matenda. Mabuku amenewa sabisa zolakwa, pakuti anena za masiku ena amene Chuma anakana nchito, namvetsa mbuye wace cisoni. Cifukwa cace tiwakhulupirira ponena zabwino zace.

Livingstone analemba mau ace otsiriza m'bukumo pa 27 April 1873, ndipo patapita masiku owerengeka anamwalira m'mudzi wa mfumu Chitambo, m'dziko la Zambia. Pamenepo cholembera cinagona pansi, ndipo panalibe Mzungu wina woona zimene zinatsata. Chuma ndi Susi anasonkhanitsa anzao, napangana kunyamula mtembo kufikira kugombe la nyanja yamcere. Mtima anauika pansi pa mtengo wa muula, koma thupi analithira mcere, naliumika padzuwa, nalikulunga m'nsaru ndi m'khungwa la mtengo. Mabuku onse ndi mapu anazisunga bwino. Ku Unyanyembe anakomana ndi Mzungu wina, dzina lace Cameron, amene anawalangiza kuika malirowo pomwepo, koma iwo anakana. Atayenda miyezi 9, ulendo woposa mamailosi 1,000, anafika ku Bagamoyo mwezi wa February 1874.

Nanga ife tazidziwa bwanji zimenezi? Mtembo unaikidwa ku Westminster Abbey pa 18 April 1874, Chuma ndi Susi palibe. Koma caka comweco James Young, bwenzi la Livingstone, analipira ulendo wao wa ku Mangalande. Kumeneko Chuma anapeza Horace Waller uja wa ku Magomero alikukonza mabuku a Livingstone kuti asindikizidwe. Awiriwo anamfotokozera za masiku otsiriza ndi za ulendo wa maliro, ndipo Waller analemba zimene anamva. Cotero mbiri imene dziko lonse liwerenga za imfa ya Livingstone inacokera m'kamwa mwa Chuma ndi Susi.

Phazi lacitatu liri m'buku la Joseph Thomson. M'caka ca 1879 Chuma anali kapitao wa amtengatenga pa ulendo wa Keith Johnston. Johnston anamwalira panjira, ndipo ulendo unatsala m'manja mwa Thomson, mnyamata wa zaka 21. Chuma anagwirizanitsa anthu onse, nafika nao ku nyanja yathu ndi ku Tanganyika, nabwera nao kugombe m'caka ca 1880. Thomson anamyamika kopambana m'buku lace. Chuma anamwalira ku Zanzibar m'caka ca 1882, asanakalambe.

Taonani, mwana amene anagulitsidwa ngati mbuzi ndiye anasunga mbiri kuti isatayike. Inunso funsani agogo anu maina a makolo ao, ndi kumene anacokera, ndipo muzilembe m'kope lanu, pakuti cimene calembedwa sicifa ndi mwini wace.