Alice Lenshina Mulenga, Mai wa ku Kasomo

Pa 7 December 1978, m'nyumba ina ya ku Chilenje, pafupi ndi Kabwata mu mzinda wa Lusaka, munamwalira mai amene dzina lace linagwedezapo dziko lonse la Zambia. Anafa ali womangidwa, wosaloledwa kuyenda kumene afuna. Khamu limene ligula ndi kugulitsa pa City Market lero lino licuruka ndi anthu obadwa iye atafa kale. Koma mbiri yace iyenera kukumbukika, pakuti muli phunziro kwa Mpingo ndi kwa Boma lomwe.

Dzina lace la ubwana linali Mulenga Lubusha. Anabadwa ca m'ma 1920 m'dziko la Ababemba, m'boma la Chinsali, ndipo mudzi wao unali Kasomo. Sanapite patali ndi sukulu. Anali mkazi wa kumudzi monga anzace, wolima ndi kulera ana, ndipo mwamuna wace anali Petros Chintankwa.

M'mwezi wa September 1953 anadwala nthenda yaikuru, kotero kuti abale ace anayesa kuti wafa. Atatsitsimuka ananena kuti anaonana ndi Ambuye Yesu, amene anambweza ku dziko lino ndi uthenga wa kulapa. Anapita ku Lubwa, Mishoni ya Church of Scotland, kukafotokozera mbusa Fergus Macpherson. Mbusayo sanamseke kapena kumpitikitsa, koma anamlandira namphunzitsa, ndipo m'mwezi wa November Mulenga anabatizidwa, napatsidwa dzina lakuti Alice. Dzina lina lija lakuti Lenshina licokera ku liu la Cilatini lotanthauza mfumu yaikazi.

Uthenga wace unali wacidule ndi womveka. Analetsa ufiti, mowa, mitala ndi cigololo. Anthu anadza pa miyendo ulendo wa masiku ambiri, nataya nyanga ndi zithumwa zao pamaso pace, kufikira zinaunjikana mulu. Anapeka nyimbo m'Cibemba pa maimbidwe a kwao, ndipo zinalowa m'mitima msanga koposa nyimbo zotembenuzidwa za m'mabuku. Koma pamene anayamba kubatiza yekha, akulu a ku Lubwa sanabvomere, ndipo m'caka ca 1955 anapatukana. Mpingo watsopano unamveka ndi dzina lakuti Lumpa, ndilo kunena wopambana ina yonse. Anthu zikwi makumi ambiri anacoka ku Lubwa ndi ku Mishoni za Akatolika namtsata. Mpingowo unafika ku Lundazi ndi ku migodi ya Copperbelt. M'caka ca 1958 anatsiriza kumanga kacisi wamkuru wa njerwa pa Kasomo, namucha malowo Sione.

Masiku omwewo dziko linali kulimbira ufulu wodzilamulira. Cipani ca UNIP cinafuna kuti munthu ali yense akhale ndi khadi lace. Mtsogoleri wa cipanico, Kenneth Kaunda, anabadwira pa Lubwa pomwepo m'caka ca 1924, mwana wa David Kaunda, mphunzitsi wocokera ku Nyasaland. Motero otsutsanawo anali anthu a dziko limodzi, ndipo kawiri kawiri a banja limodzi. Lenshina anauza anthu ace kuti aleke za ndale. Ena a iwo anatentha makhadi a cipani. Anyamata a cipani nao anatentha nyumba zopemphereramo za a Lumpa. Pocita mantha, a Lumpa anasamuka m'midzi yao namanga midzi ya okha yozingidwa ndi malinga, wosapempha mafumu eni nthaka. Kuyambira pamenepo mnansi analeka kumwera madzi pa khomo la mnansi wace.

M'mwezi wa July 1964, Bambo Kaunda ali Nduna Yaikuru ndipo ulamuliro wa Angerezi usanathe, Boma linalamula kuti midzi ya malinga ipasuke. A Lumpa anakana. Pa 24 July apolisi ena anaphedwa pa mudzi wina wa a Lumpa m'boma la Chinsali, ndipo Boma linatumiza asilikari. Pa 30 July asilikariwo analowa mu Sione ndi mfuti zamakono, kukomana ndi anthu a mikondo, nkhwangwa ndi mfuti za gogodera. Pa 3 August a Lumpa anathira nkhondo pa boma la Lundazi ndi midzi yozungulira, napha anthu ambiri osalakwa. Tsiku lomwelo Boma linaletsa mpingo wao. Patapita masiku owerengeka, anthu a midzi yoyandikana anabwezera pa mudzi wa Paishuko, napha a Lumpa oposa 40, pamodzi ndi akazi ndi ana. Ciwerengero ca Boma cinati akufa onse anaposa 700. Zikwi zambiri zinathawira ku Congo, ndipo ena anafera m'thengo ndi njala.

M'mwezi womwewo wa August Lenshina anadzipereka yekha m'manja mwa Boma. Dziko linalandira ufulu pa 24 October 1964, iye ali m'ndende. Anamsunga ku Mumbwa, pambuyo pace ku Kalabo, kutali ndi kwao. M'caka ca 1967 anathawa, koma anamgwiranso. M'caka ca 1970 Boma linalamula kuti kacisi wa ku Kasomo agumulidwe. Mu December 1975 anamtengera ku Chilenje, dera lomwelo kumene Bambo Kaunda anakhalako masiku olimbira ufulu, ndipo kumeneko anatha zaka zace zitatu zotsiriza. Mtembo wace unabwerera ku Kasomo, nuikidwa pa malo a kacisi uja.

Zaka 14 anakhala womangidwa, koma sanaimirire konse pa bwalo la milandu kuti ayankhe za mwazi wa 1964. Boma liri nayo nchito yocokera kwa Mulungu ya kuletsa kuphana, ndipo pamene apolisi anaphedwa silikadakhala cete. Koma kulanga wakupha ndi cinthu cina, kuletsa anthu zikwi zambiri kupemphera ndi cinthu cinanso. Akale anati mlandu suola. Ukapanda kuweruzidwa poyera utsalira ana. Ndiponso lamulo la nthawi ya ngozi, limene linalengezedwa mu July 1964 cifukwa ca a Lumpa, silinacotsedwe nkhondoyo itatha. Linakhalabe kufikira caka ca 1991, ndipo linamanga anthu ena ambiri osadziwa kanthu za Lumpa, osazengedwa mlandu. Msampha wochera mmodzi unakola ambiri. Atsogoleri akadacita bwino kukumbukira Gamaliyeli wa pa Macitidwe 5, amene analangiza bwalo la akulu kuti lisafulumire kuononga atumwi, popeza nchito ya anthu imapasuka yokha.

Mpingo nao uli ndi cakuphunzira. Kunamveka masiku aja kuti ena a Lumpa anathamangira mfuti pokhulupirira kuti zipolopolo zidzasanduka madzi. Anthu amene anataya zithumwa dzulo anasandutsa dzina la Yesu cithumwa catsopano. Ena poona zotere amati cikhulupiriro ndi nzeru siziyendera pamodzi. Koma Ambuye mwini, pamene woyesayo anamuika pamwamba pa Kacisi, anakana kudziponya pansi, ngakhale woyesayo anachula Malembo. Iye amene anapatsa munthu mtima wokhulupirira ndiye anampatsanso mutu woganiza, ndipo afuna kukondedwa ndi zonse ziwiri. Cikhulupiriro coona ciyesa mizimu, cifunsa, ciwerenga mtengo wace, ndipo sicidzitsekera m'linga kuopa mnansi.

Mai uyu anamasula anthu ambiri ku mantha a ufiti, napatsa akazi a kumudzi liu m'nyumba ya Mulungu, ngakhale sanakhoze kugwira dzanja la omtsata pa tsiku loipa. Kuweruza kwace kuli ndi Mulungu. Koma Akristu a ku Lundazi, Chipata ndi Katete, pofika pa 7 December, apempherere olamulira kuti asalowe pa malo a cikumbumtima, ndi atsogoleri a mipingo kuti aphunzitse nkhosa zao kukhulupirira ndi maso openya.