Vital Brazil, dokotala amene adapempha alimi kuti asamaphe njoka

M'nyanja yamchere ya Atlantic, pa mtunda wa makilomita 33 kuchokera kugombe la chigawo cha São Paulo m'dziko la Brazil, muli kachilumba kotchedwa Queimada Grande. Kukula kwake ndi mahekitala 43 okha. Palibe munthu amene amakhalapo, ndipo asilikali apamadzi a dzikolo salola aliyense kupondapo popanda chilolezo.

Eni ake a kachilumbaka ndi njoka yachikasu yaululu imene anthu akumeneko amaitcha jararaca-ilhoa. Njokayi sipezeka kutchire lina lililonse pa dziko lapansi.

Kuti akatswiri aidziwe, zidatengera alonda amene ankasamala nyali younikira sitima zapamadzi pachilumbapo. M'malo mopha njoka iliyonse imene akumana nayo, iwo ankatsekera zina m'mabokosi n'kuzitumiza kumtunda. Nzeru yotumiza njoka zamoyo m'bokosi sidali yawo ayi. Idachokera kwa dokotala wina, Vital Brazil, amene adaphunzitsa anthu a m'dziko lake kuti njoka yamoyo ikhoza kupulumutsa munthu.

Mkuluyu adabadwa pa 28 April 1865 m'tauni ya Campanha, m'chigawo cha Minas Gerais. Bambo ake ankapatsa mwana aliyense mayina akeake, osati la makolo. N'chifukwa chake dzina lonse la dokotalayu, Vital Brazil Mineiro da Campanha, likungofotokoza kubadwa kwake: Vital ndi woyera amene mpingo wa Katolika umamukumbukira pa tsikulo, kenako dziko, chigawo ndi tauni.

Pakhomo padalibe chuma. Banjalo litasamukira ku São Paulo, mnyamatayu adagwirapo ntchito ya ukondakitala pa ngolo zonyamula anthu mumzinda komanso yauphunzitsi pofuna kudzilipirira sukulu. Adamaliza maphunziro a udokotala ku Rio de Janeiro m'chaka cha 1891.

Zinthu zidasintha atakakhazikika ku Botucatu m'chaka cha 1895. Nthawi imeneyo nkhalango zinkadulidwa kuti atsegule minda ya khofi, ndipo antchito ambiri ankalima opanda nsapato. Olumidwa ndi njoka ankabwera kwa dokotala wachinyamatayu, koma iye adalibe chowapatsa.

Poyamba Vital adayesa mizu ndi masamba amene anthu akumeneko ankati amachiza ululu wa njoka. Sadanyoze zitsambazo asadazione. Ankabaya nyama ululu, n'kuipatsa mankhwala azitsambawo, n'kudikira. Palibe chitsamba chimene chidapulumutsa nyamazo. Nanga n'chifukwa chiyani anthu ankazikhulupirira chotere? Yankho lake n'lakuti njoka zambiri zilibe ululu wopha munthu, ndipo ngakhale yaululuyo nthawi zina imaluma osalavula ululu wokwanira. Wolumidwa akachira yekha, ulemu umapita kwa mwini mizu.

Ali kakasi choncho, adawerenga za ntchito ya dokotala wa ku France, Albert Calmette. Iyeyu adapeza kuti nyama ikamabayidwa ululu pang'onopang'ono, magazi ake amapanga mphamvu yolimbana nawo, ndipo madzi a m'magaziwo akabayidwa kwa munthu wolumidwa amamupulumutsa. Calmette ankagwiritsa ntchito ululu wa cobra, njoka ya ku Asia yofutukula khosi ija, ndipo ankakhulupirira kuti mankhwala akewo angachize ululu wa njoka iliyonse.

Apa mpamene padagona nkhani. Vital adali ataona kale ndi maso ake kuti odwala ake sankadwala mofanana. Wolumidwa ndi jararaca ankatupa koopsa, magazi osagwirana, ndipo mnofu unkaola pa bala. Wolumidwa ndi cascavel, njoka yokhala ndi chisekese kumchira, sankatupa kwenikweni, koma zikope zinkalefuka, maso n'kuchita chidima, kenako impso n'kufooka. Matenda awiri osiyana chotere akadachira bwanji ndi botolo limodzi?

M'chaka cha 1897 adalowa ntchito pa malo ofufuzira za tizilombo toyambitsa matenda ku São Paulo, pansi pa katswiri wina, Adolfo Lutz. Kumeneko adayesa mankhwala a Calmette pa ululu wa njoka za ku Brazil ndipo sadagwire ntchito. Atapanga akeake, adapeza kuti opangidwa ndi ululu wa cascavel amachiza ululu wa cascavel wokha, ndipo a jararaca amachiza wa jararaca ndi abale ake.

Calmette adali munthu wotchuka wa ku bungwe lalikulu la Pasteur, pomwe Vital adali dokotala wosadziwika wa kudziko lakutali. Awiriwa adatsutsana kwa zaka zingapo m'makalata ndi m'zolembalemba, koma pamapeto pake zidaoneka kuti wa ku Brazil ndiye ankalondola. Mfundo imeneyi ikugwirabe ntchito mpaka lero. N'chifukwa chake mankhwala opangira njoka za ku India sangadaliridwe kwa munthu amene walumidwa ndi mphiri kuno kwathu.

Chodabwitsa n'chakuti malo ake ogwirira ntchito adawapeza kaamba ka makoswe, osati njoka. M'chaka cha 1899 padoko la Santos padabuka mliri woopsa umene umafala ndi utitiri wa makoswe. Vital adatumizidwa kukaufufuza, ndipo iye yemwe adadwala matendawo koma adachira. Boma la São Paulo, poona kuti mankhwala ochokera ku Ulaya ndi ovuta kupeza, lidagula famu ina yotchedwa Butantan kunja kwa mzindawo kuti azipangirako mankhwala a mliriwo. Mu February 1901 malowo adakhala bungwe loima palokha, Vital n'kukhala mkulu wake woyamba. Chaka chomwecho mabotolo oyamba a mankhwala a ululu wa njoka adatuluka.

Kapangidwe kake n'kosavuta kukamva koma n'koopsa kukachita. Munthu amagwira njoka pakhosi n'kuikama ululu m'kambale. Ululuwo amabaya nawo hatchi, poyamba wochepetsetsa, kenako n'kumaonjezera kwa masabata angapo. Akatero amatenga ena mwa magazi a hatchiyo, n'kupatula madzi ake amene ali ndi mphamvu ija.

Vuto lidali lakuti njoka imodzi imatulutsa timadontho tochepa chabe. Pankafunika njoka zambirimbiri, zamoyo, chaka ndi chaka.

Apa Vital adachita chinthu chimene madokotala ambiri sakadachiganiza. Adatembenukira kwa alimi omwewo. Bungwe lake linkatumiza kumafamu mabokosi athabwa ndi ndodo yokhala ndi khwekhwe kumapeto, yogwirira njoka munthu ali chapatali. Adagwirizananso ndi makampani a njanji kuti mabokosiwo aziyenda ulere. Mlimi akatumiza njoka, ankalandira mabotolo a mankhwala ndi jakisoni wobayira, komanso ankauzidwa mtundu wa njoka imene watumizayo, ngati ili yaululu kapena ayi. Malondawa adali opanda ndalama: njoka kupita kutauni, mankhwala kubwera kumudzi. Posakhalitsa njoka zidayamba kufika zikwizikwi, ndipo anthu akumidzi adayamba kusiyanitsa yoopsa ndi yosaopsa. M'chaka cha 1911 adalemba buku lophunzitsa zonsezi, kuphatikizapo langizo losavuta loti olima azivala nsapato zazitali.

Ena mwa mabokosi amenewo ndi aja ankachokera ku Queimada Grande, komwe nyali ija idamangidwa m'chaka cha 1909. Njoka zake zinkafanana ndi jararaca ya kumtunda, mutu wosongoka ngati mkondo komanso kabowo pakati pa diso ndi mphuno komwe imamvera kutentha kwa nyama, koma khungu lake lidali lachikasu. Dokotala wachinyamata wa pa Butantan, Afrânio do Amaral, ndiye adapita pachilumbapo, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920 adalengeza kuti ndi mtundu wapawokha. Lero imadziwika ndi dzina lakuti Bothrops insularis.

Akatswiri amati makolo a njokazi adatsekeredwa pachilumbapo zaka pafupifupi 11,000 zapitazo, madzi a m'nyanja atakwera n'kudula malowo kuchoka kumtunda. Popeza pamenepo palibe mbewa kapena makoswe, njoka zikuluzikulu zidazolowera kukwera mitengo n'kumadikira mbalame zimene zimatera pachilumbapo zili paulendo.

Mbiri ya Vital idafika kutali. Mtsogoleri wakale wa dziko la America, Theodore Roosevelt, adakacheza ku Butantan m'chaka cha 1913, ndipo adamuonetsa mussurana, njoka imene imameza njoka zaululu, yomwe Vital ankapempha alimi kuti aziisiya. Mu January 1916, Vital ali ku New York, wantchito wina wa kumalo osungirako nyama ku Bronx adalumidwa ndi njoka ya chisekese. Mankhwala amene adampatsa poyamba sadathandize. Vital adali ndi mabotolo ake m'chikwama, ndipo munthuyo atabayidwa adachira.

Chaka chotsatira, 1917, adalandira chikalata chomupatsa umwini wa mankhwala akewo. Bambo amene m'maukwati ake awiri adabereka ana 22 akadatha kulemera nacho, koma adachipereka ulere ku boma la Brazil.

Izi sizidamutchinjirize ku mikangano ya m'maofesi. Atasemphana maganizo ndi akuluakulu a zaumoyo ku São Paulo, adachoka pa Butantan m'chaka cha 1919 n'kukatsegula bungwe lina ku Niterói, lomwe mpaka pano limadziwika ndi dzina lake. Adabwereranso kudzatsogolera Butantan kuyambira 1924 mpaka 1927. Adamwalira ku Rio de Janeiro pa 8 May 1950 ali ndi zaka 85. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 nkhope yake idaikidwa pa ndalama yapepala ya 10,000 cruzeiros, ndipo kuseri kwake kudali mussurana ikumeza jararaca.

Njoka zimene alimi aja ndi ena am'mbuyo mwawo adatumiza zinkasungidwa m'mabotolo zikafa, kuti ophunzira aziphunzirirapo. Mu May 2010 moto udabuka pa Butantan n'kupsereza njoka zosungidwazo zoposa 70,000, ntchito ya zaka pafupifupi 100.

Nayo njoka ya pachilumba ija zinthu sizili bwino. Nkhani zoti paliponse pamene munthu angaponde pali njoka n'zokokomeza chabe, chifukwa ofufuza amati zatsala pakati pa 2,000 ndi 4,000. Mbali ina ya nkhalango yake idatenthedwa kale, ndipo dzina lakuti Queimada m'Chipwitikizi likunena za kupsa komweko. Chifukwa chochepa, njokazi zimangoswana pachibale, ndipo pali anthu amene amafika mozemba ndi maboti kudzaziba kuti akazigulitse kwa osunga nyama zachilendo. Bungwe la IUCN lidaiika m'gulu la zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu. Pa Butantan akuweta zina mwa njokazi m'malo otetezedwa, kuopa kuti moto umodzi kapena matenda amodzi angadzasese zonse pachilumbapo.