Moyo wa Ambuye Mathurin Guillemé, Episkopi wa Nyasa

Pokumbukira chiyambi cha misyoni yathu ya Nambuma, tiyenera kuyamba ndi dzina la mbusa amene analikuweta Eklezia wa kuno pamene misyoniyi inatsegulidwa m'chaka cha 1928, ndiye Ambuye Mathurin Guillemé.

Iwo anabadwa m'chaka cha 1859 ku Brittany, m'dziko la France. Ndipo atalowa chipani cha White Fathers, analandira unsembe m'chaka cha 1883. Anayamba ntchito ku Zanzibar, napitirira ku Kibanga ndi ku Mpala, m'mbali mwa nyanja ya Tanganyika. Masiku amenewo ogula anthu analikupasula midzi, ndipo Bambo Guillemé anaombola ana ambiri m'manja mwao, nawalera pa misyoni, nawaphunzitsa.

M'chaka cha 1911 anaikidwa Episkopi wa Nyasa, kulowa m'malo mwa Ambuye Joseph Dupont, amene anthu anawatcha Moto-Moto. Munda wao unali waukulu, kufikira ku Fort Jameson, kumene lero titcha Chipata, koma ansembe anali owerengeka. Chifukwa chake ntchito yambiri inagona pa aphunzitsi a m'midzi. Iwowo ndiwo anaphunzitsa ana kuwerenga pa sukulu za udzu, nakonza ofuna ubatizo, natsogolera mapemphero a Lamulungu, kufikira wansembe atabwera paulendo. Momwemo mabanja a midzi yosiyana anayamba kudziwana, nakhala mudzi umodzi wa akhristu, wolirana maliro ndi wovinirana maukwati. Nambuma wathu anakula motero.

M'chaka cha 1929 Ambuyewa anayambitsa chipani cha Masisitere a Tereza Woyera, kuti ana aakazi a dziko lino atumikire Mulungu pakati pa abale ao. Atakalamba anatula udindo m'chaka cha 1934, ndipo misyoni ya Guilleme, ku Mchinji, inatchedwa dzina lao. Mulungu anawasunga kufikira Bambo Cornelio Chitsulo, wansembe woyamba wa mtundu wathu, atadzozedwa m'chaka cha 1937. Anamwalira ku Likuni m'chaka cha 1942.

Tsono ife akhristu, makamaka inu akatekisiti, tisayese kuti ntchito ija inatha. Ambuye Guillemé anaisiya m'manja mwa eni dziko, ndipo eni dzikowo ndife. Mwana akakula wosadziwa katekisimu, kapena nkhalamba ikamwalira m'mudzi wopanda woiyendera, mlandu uli pa ife. Tiwapempherere, ndipo tigwire khasu pamene iwo analisiya.