Dr Daniel Malikebu: mbumba yomangidwa ndi choko ndi singano

Pa 15 Januwale chaka chilichonse timakumbukira John Chilembwe, ndipo nkhani yomwe imamveka kwambiri ndi ya mfuti za mu 1915. Komatu nkhondo ija siidakwanitse ngakhale milungu iwiri. Idayamba pa 23 Januwale, pofika pa 3 Febuluwale n'kuti Chilembwe ataphedwa, ndipo atsamunda adagumula tchalitchi chake ku Mbombwe. Lero ndikufuna ndikambe za munthu amene adadzatola zotsala paphulusa paja: Dr Daniel Sharpe Malikebu, yemwe m'mabuku ambiri amalembedwa kuti Malekebu.

Daniel adabadwa cha m'ma 1890 m'boma la Chiradzulu, m'banja la Chiyao. Adali m'gulu la ana oyamba kuphunzira pa Providence Industrial Mission, PIM, yomwe Chilembwe adatsegula mu 1900. Mu 1902 pamishonipo padafika mayi wachikuda wochokera ku Florida m'dziko la America, dzina lake Emma DeLany. Mayiyu adaphunzira ku Spelman, sukulu ya atsikana achikuda mumzinda wa Atlanta, komwe adatengako luso la unamwino ndi ntchito ya umishonale.

Mayi DeLany adagwirana manja ndi mayi Ida, akazi a Chilembwe, n'kuyamba kuphunzitsa amayi ndi atsikana kusoka. Winatu angaseke kuti kusoka basi? Kumbukirani kuti masiku amenewo anthu akuda ankagwira thangata m'maesiteti a azungu, ndipo mayi wakumudzi ankaonedwa ngati wa khasu ndi mtondo. Kumukhazika pansi kuti aphunzire luso lake, avale chovala chosoka yekha, kudali kumuuza kuti nayenso ndi munthu wolemekezeka.

Daniel ankagwira ntchito m'nyumba mwa mayi DeLany ndi kuwamasulira chilankhulo, ndipo iwo adamutenga ngati mwana wawo. Choncho mnyamatayu adakula akuona ndi maso ake mzimayi wophunzira akuphunzitsa amayi anzake. Mayiwo atabwerera kwawo, Daniel adawalondola. Adayenda mpaka kudoko la Beira ku Mozambique, n'kupeza ganyu m'sitima ya pamadzi, kudzera ku London mpaka ku America. Kumeneko adaphunzira pa Selma University, ndipo mu 1917 adamaliza maphunziro a udokotala pa Meharry Medical College ku Nashville. Adakhala Mmalawi woyamba kupata digiri ya udokotala, zaka 20 Kamuzu Banda asadamalize pakoleji yomweyo mu 1937.

Apa ndiye pagona nkhani yanga. Mu 1919 a Malikebu adakwatira Flora Zeto, mbadwa ya ku Congo, yemwe adaleredwa ndi amishonale ndipo naye adaphunzira ku Spelman komwe kuja. Taonani m'mene ulusi udayendera: mayi wa ku Spelman alera mnyamata wa ku Chiradzulu, mnyamatayo akula n'kusankha mkazi wophunzira wa ku Spelman, awiriwo n'kuyang'ana kumudzi.

Kubwera kwake sikudali kophweka. Mu 1921 boma la atsamunda lidawakaniza kukhazikika mu Nyasaland. Mantha a 1915 adali asadathe, ndipo munthu wakuda wophunzira ku America, wa PIM pomwepo, adali woopsa kwa iwo. Banjali lidakagwira ntchito pa Ricks Institute ku Liberia, dziko lomwe mayi DeLany adakhazikitsako mishoni ya Suehn mu 1912. Mayi Ida adamwalira mu 1918, mayi DeLany mu 1922. Onse oyambitsa ntchito ija adatha osaona PIM itadzukanso.

Idadzuka mu 1926, a Malikebu ataloledwa kubwerera. Adamanganso tchalitchi, kutsegula sukulu ndi chipatala, ndipo mayi Flora adatenga ntchito yophunzitsa ndi kutsogolera amayi, ija adasiya mayi Ida ndi mayi DeLany. Dokotalayu sadatsekere maso mavuto a anthu: adatsogolera Chiradzulu Native Association, limodzi mwa mabungwe omwe ankapereka madandaulo a anthu akuda kuboma Nyasaland African Congress isadabadwe mu 1944. Adayendetsa PIM mpaka 1971, ndipo adamwalira mu 1978.

Ena amati a Malikebu adali wofatsa kwambiri ndi atsamunda poyerekeza ndi Chilembwe. N'zoona, sadagwire mfuti. Koma ine ndimati kusunga sukulu yotsegula kwa zaka 45, maso a boma ali pa iwe usana ndi usiku, nakonso n'kulimba mtima. Ndipo mbumba imeneyi siidali ya magazi. Mayi DeLany sadabereke Daniel, koma adachita zija amanena akulu kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Nanga ife kwathu kuno ku Nsanama zikutikhudza bwanji? Lero malamulo tili nawo. Kuyambira 1993 mtsikana amene wabereka amaloledwa kubwerera kusukulu. Pulayimale ndi yaulere kuyambira 1994. Mu 2017 aphungu adasintha malamulo aakulu a dziko kuti munthu asalowe m'banja asadakwane zaka 18. Komabe yendani mumsewu wa Liwonde kupita ku Ntaja, muwerenge atsikana a msinkhu wa Sitandade 7 omwe ali ndi mwana kumsana. Akabwera mnyamata wochokera ku Joni ndi foni yonyezimira, nkhani imathera pakhonde, osati kukhoti.

Ndipo pakhondepo amene amamanga mfundo ndi mjomba, mwini mbumba. Achimwene amene mukuwerenga izi pafoni, mjomba wa mawa ndinu, mwinanso ndinu kale. Mwana wa mlongo wanu akasowa ndalama ya mayeso kapena yunifomu, kodi bando ya mwezi uno singadikire? Akabwera ofunsira mbeta ali Fomu 2, inu mudzanena chiyani pabwalo?

Daniel adalandira maphunziro m'manja mwa mayi wachilendo, n'kudzawabweza kwa ana aakazi a anthu ena. Ife sitikupemphedwa kuyenda mpaka ku Beira. Mwanayo ali pakhomo pomwepo, ndipo teremu ikubwerayi akufunika akalowe m'kalasi.