Edgar Cardoso, injiniya amene anajambula mlatho wa ku Tete

Anthu ochuluka amene amawoloka mtsinje wa Zambezi kuchokera mumzinda wa Tete kupita ku Matundo ndi ku Moatize amaponda pa ntchito ya Edgar Cardoso, ngakhale ambiri dzina lake salidziwa. Iyeyu ndiye anajambula pulani ya mlatho umene lero umatchedwa Samora Machel.

Cardoso anabadwa m'chaka cha 1913 kumpoto kwa dziko la Portugal. Anaphunzira za uinjiniya ku yunivesite ya ku Porto ndipo anamaliza m'chaka cha 1937. Anayamba ntchito ku nthambi ya boma yoona za misewu, kenako anaphunzitsa za milatho kwa zaka zambiri ku Instituto Superior Técnico mumzinda wa Lisbon.

Chimene chinamutchukitsa ndi chakuti sankadalira masamu ndi zojambula zokha. Asanalole kuti ntchito iyambe, ankapanga kamlatho kakang'ono kofanana ndi kamene kali papepala, n'kukasenzetsa katundu, n'kuyeza mmene kakupindikira. Malo ofooka ankaonekera pomwepo, m'chipinda chogwirira ntchito, munthu asanaike moyo wake pachiswe. Kukonza cholakwika papepala n'kotsika mtengo, koma pamtsinje chimatha kutenga miyoyo.

Njira imeneyi inamulimbitsa mtima m'chaka cha 1963 pamene mlatho wa Arrábida unatsegulidwa pa mtsinje wa Douro ku Porto. Mlathowu wakhazikika pa uta wa konkire wotalika mamita 270, ndipo pa nthawiyo panalibe uta wa konkire wautali kuposa umenewu padziko lonse. Konkire imalimba ikamapanikizidwa koma imang'aluka ikamakokedwa. Uta umachititsa kuti kulemera konse kukankhire m'mbali mpaka kumatanthwe a m'gombe, choncho konkireyo imagwira ntchito imene imaitha.

Ku Tete anasankha njira ina. Zambezi ndi wotakata ndipo amasefukira, choncho anachepetsa zipilala za m'madzi n'kupachika msewu pa zingwe zachitsulo, poti chitsulo chimapirira kukokedwa. Zingwe zikuluzikulu zimadutsa pamwamba pa nsanja, zing'onozing'ono zimatsika kudzagwira msewu, ndipo nsanjazo zimatsitsa kulemera konse kumaziko. Mlathowu uli ndi zigawo zisanu: zitatu zapakati za mamita 180 chilichonse ndi ziwiri za m'mphepete za mamita 90. Unatha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, mu ulamuliro wa atsamunda, ndipo dzina lake loyamba linali Marcelo Caetano. Cardoso anajambulanso mlatho wa pa mtsinje wa Save kuno ku Mozambique ndi wina wa ku Macau umene unatsegulidwa mu 1974.

Koma mlatho uliwonse amaupangira katundu wa mlingo wake. Kwa zaka zambiri malole olemera opita ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe ankadutsa pa mlatho wa ku Tete usana ndi usiku, mpaka unatopa. Anaukonza, anachepetsa magalimoto olemera okwerapo, ndipo m'chaka cha 2014 mlatho wa Kassuende unatsegulidwa kumunsi kwa mtsinje kuti usenze malolewo.

Ntchito yake yaikulu yomaliza inali mlatho wa sitima wa São João ku Porto, umene unatsegulidwa mu 1991. Anamwalira m'chaka cha 2000 ali ndi zaka 87.

Ophunzira za zomangamanga m'chigawo chathu, ngakhalenso mmisiri wokhoma denga kapena wowotcherera zitsulo, angatengepo phunziro pa moyo wake: jambulani kaye, dziwani kumene kulemera kudzadutse kufikira pansi, yesani, ndipo chimene mwamanga musachisenzetse kuposa mlingo wake.