Mayi Grace Hopper

Njanji yochokera ku Lilongwe inafika pa Mchinji Boma m'chaka cha 1980, ndipo mu 2010 inapitirira mpaka ku Chipata m'dziko la Zambia. Sitima inatha kuwoloka malire popeza mpata wa pakati pa zitsulo za njanjiyo ndi wofanana mbali zonse ziwiri. Ukadakhala wosiyana, bwenzi katundu akutsitsidwa pamalire ndi kupakiridwanso m'sitima ina.

Makompyuta oyamba anali ndi vuto lotere. Kampani iliyonse inkapanga makina omva malangizo akeake. Ofesi ikagula kompyuta ya mtundu wina, malangizo onse ankalembedwanso, ntchito ya miyezi yambiri. Mmodzi mwa anthu amene analimbana ndi vutoli ndi Mayi Grace Hopper.

Mayiwa anabadwira mumzinda wa New York ku America mu 1906. Ali ndi zaka 7 anamasula mawotchi 7 a m'nyumba mwawo pofuna kuona chimene chimawayendetsa. Kaya amayi anu akadatani! Atakula anazama m'masamu, nalandira digiri ya udokotala pa yunivesite ya Yale mu 1934.

Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse analowa usilikali wa pamadzi, ndipo mu 1944 anawatuma kukagwira ntchito pa kompyuta yaikulu yotchedwa Mark I. Nkhondo itatha, anayamba kulingalira kuti munthu azilemba malangizo m'mawu wamba, ndipo kompyuta izimasulira yokha mawuwo kukhala manambala, monga achitira womasulira m'bwalo la milandu. Akatswiri ambiri anakana, namati kompyuta imadziwa masamu okha. Iwo sanafooke, ndipo mu 1952 anakonza pulogalamu yawo yoyamba yomasulira.

Mu 1959 akatswiri a boma ndi a makampani anagwirizana zopanga chiyankhulo chimodzi cha makompyuta chotchedwa COBOL, ndipo anatengera zambiri pa ntchito ya Mayi Hopper. Mu Disembala 1960 anayesa malangizo amodzimodzi pa makina a makampani awiri, UNIVAC ndi RCA. Atangosintha pang'ono, makina onse awiri anamvera.

Komabe makampani ena ankaonjezera zawozawo m'chiyankhulocho. Choncho mu 1967 asilikali a pamadzi anawaitananso mayiwa, ndipo gulu lawo linakonza mayeso oonera ngati makina akutsatadi malamulo a COBOL. Anapuma pantchito mu 1986 ali ndi zaka 79, namwalira pa 1 Januwale 1992.