Mbiri ya Mayi Maggie Lena Walker

Ophunzira, taonani moyo wa Mayi Walker. Iwo adabadwa mu 1864 ku Richmond, m'dziko la America. Mayi awo, omwe kale adali kapolo, ankapeza ndalama pochapa zovala za azungu. Maggie adaphunzitsa zaka zitatu, koma atakwatiwa mu 1886 ntchito idatha, poti nthawiyo mkazi wapabanja samaloledwa kuphunzitsa. Sadagwe mphwayi ayi. Mu 1899 adakhala mlembi wamkulu wa bungwe la Independent Order of St. Luke, lomwe lidatsala pang'ono kugwa, nalidzutsa. Mu 1903 adatsegula banki ya St. Luke Penny Savings, nakhala mkazi wakuda woyamba kutsogolera banki m'dzikolo. Adalemba ntchito akazi akuda ambiri omwe makampani a azungu ankawakana. Adamwalira mu 1934. Kodi inu mukadatani ntchito itatha?